Kodi Amene Akuphunzitsa Ana Athu Nyimbo Adachokera Kuti?

Tsiku lina madzulo, banja litatha kudya, mnyamata kapena msungwana wa pakhomo panu adzakhosomola pang'ono, nadzanena kuti, "Bambo, ine ndifuna kukaphunzira gitala ku Area 23." Makolo ambiri a ku Kawale, ku Biwi, ku Chinsapo ndi ku Mgona adamva kale mawu otere, ndipo ochuluka a iwo adayamba akhala chete. Chifukwa chake tikuchidziwa tonse. M'mitima mwathu mudakhazikika chithunzi chakale cha munthu woyimba: wochezera kumalo omwera mowa, wofika panyumba tambala atalira, wosadziwa kumene khasu limagona. Palibe kholo lofuna kuti mwana wake athere pamenepo.

Komabe tisanakanize kapena kuvomera, pali funso limodzi loyenera kuyamba: kodi mwanayo akakhala pamapazi a yani? Pakuti chida chilibe khalidwe. Mwana amatengera munthu amene wamugwiritsa chidacho. N'chifukwa chake mwezi uno tafuna kuti tione bwino njira zimene aphunzitsi a nyimbo m'dziko muno amadzera asanafike poyima pamaso pa ana athu, ndiponso zimene njira iliyonse imasiya mwa munthu.

Sukulu ya ku Area 23

Sukulu imene ana athu amanena ndi ya bungwe la Music Crossroads Malawi. Ntchito ya Music Crossroads idayamba m'chaka cha 1995, ndipo adayiyambitsa ndi a Jeunesses Musicales International, bungwe la achinyamata okonda nyimbo lomwe lidakhazikitsidwa ku Brussels m'chaka cha 1945. Poyamba idali ntchito ya mipikisano ndi maphunziro a masiku owerengeka m'maiko asanu, ndiwo Malawi, Mozambique, Tanzania, Zambia ndi Zimbabwe. Magulu opambana m'dziko lililonse ankakumana pa chikondwerero chimodzi chachikulu, ndipo opambana kumeneko ankapita kukayimba ku Ulaya. Gulu la Body, Mind and Soul la ku Mzuzu ndi limodzi mwa magulu athu amene adatuluka motero.

Koma mpikisano umatha, anthu n'kubalalika. Chimene chidaonekera poyera ndi chakuti achinyamata aluso alipo ambirimbiri, koma kowaphunzitsira mwadongosolo n'kosowa. Tsono m'chaka cha 2013, ndi thandizo la boma la Norway, adatsegula sukulu zitatu za nyimbo: ina ku Maputo, ina ku Harare, ndi ina kwathu kuno ku Lilongwe. A Mathews Mfune ndiwo akhala akutsogolera ntchitoyi m'Malawi kwa zaka zambiri. Sukuluyo adayiyika pakati pa anthu, ku Area 23, kumene mwana wa ku Kawale kapena ku Chilinde angathe kufika popanda kuopa mipanda yaitali. Kumeneko amaphunzitsa gitala, besi, kiyibodi, ng'oma za bandi ndi kayimbidwe ka pakamwa.

Nyumba ndi zida zingapezeke ndi ndalama. Aphunzitsi sagulidwa m'sitolo. Nanga dziko limene kwa nthawi yaitali lidalibe sukulu zotere likadawatenga kuti? Yankho lake ndi lakuti aphunzitsiwo adalipo kale, koma adali atamwazikana m'njira zinayi.

Njira yoyamba: pabwalo ndi pamtondo

Mphunzitsi woyamba wa nyimbo m'dziko muno ndi mudzi. Mwana wobadwira m'chigawo chino chapakati amamva nyimbo za pamtondo ali kumsana kwa amake. Akasinkhuka amavomereza nyimbo za m'nthano madzulo, amaonerera chimtali, ndipo mnyamata amatsatira a mganda ndi mabadza awo. Wofuna ng'oma amayamba ndi kutumikira: amatola mapesi osonkhera moto wowambira ng'oma, amaona mmene mwini wake amamatira phula pakati pa chikumba kuti liwu litsike, kenaka amakayeserera pa chitini kuseri kwa nkhokwe. Palibe amene amamulembera kanthu. Khutu ndilo buku lake.

M'matauni njira yomweyi idangosintha zovala. Ndani wa ife sadaonepo anyamata atakhoma banjo ya chigubu cha mafuta, zingwe zake zili mawaya a mabuleki a njinga? Ena adaiseka banjo imeneyi, koma idalera akatswiri. Malemu Allan Namoko, amene adali wosaona, adadziwika dziko lonse ndi banjo pamodzi ndi gulu lake la Chimvu River Jazz Band. Chitsanzo china choposa ndi cha abale awiri a kwa Singano, kufupi ndi Chileka, Daniel ndi Donald Kachamba. Iwowa adatola kayimbidwe ka kwela ali ana ku Harare, masiku amenewo mzindawo ukutchedwa Salisbury, ndipo atabwerera kwawo ankayimba m'misewu ya Blantyre. Kumeneko ndiko katswiri wofufuza za nyimbo wa ku Austria, Gerhard Kubik, adakumana nawo m'chaka cha 1967. Patapita zaka, mu 1999, Donald adayitanidwa ku yunivesite ya UCLA ku America kukaphunzitsa ophunzira a kumeneko kayimbidwe kake. Munthu amene adayambira chitoliro chake mumsewu adakayima m'kalasi ya kutsidya kwa nyanja asanamwalire m'chaka cha 2001.

Mphunzitsi wodzera njira imeneyi ali ndi chuma chosagulika. Amamva nyimbo kamodzi n'kuigwira. Amadziwa pamene wotsogolera alekera ndi pamene ovomereza alowera. Thupi lake lonse limadziwa kugunda kwa ng'oma. Chimene chimamuvuta ndi kulongosola. Mukamufunsa kuti, "Mwachita bwanji apo?" amangoti, "Taonani, ndichitenso." Kwa mwana wa khutu lakuthwa zimenezo n'zokwanira, koma mwana wochedwa kugwira amatsalira.

Njira yachiwiri: kwaya

Njira iyi owerenga athu akuidziwa koposa zonse. Mukafunsa oyimba a m'Malawi kumene adayambira, ambiri adzatchula Sande sukulu ndi kwaya ya pa mpingo. Amishoni atafika, a Livingstonia mu 1875, a Blantyre mu 1876, ndi a Dutch Reformed ku Mvera mu 1889 kenaka ku Nkhoma mu 1896, adabwera ndi kalembedwe ka nyimbo ka solofa, kaja ka do, re, mi. Kalembedwe kameneka adakafalitsa ku England ndi mbusa John Curwen, potsata njira imene mayi Sarah Glover wa ku Norwich adayamba. Cholinga chawo chidali chakuti anthu wamba, opanda limba ndi opanda maphunziro ozama, athe kuwerenga nyimbo. Ubwino wake ndi wakuti do amasuntha: wotsogolera angayambe nyimbo m'mwamba kapena m'munsi monga mwa mawu a anthu ake, koma mtunda wochokera pa do kufika pa so sukusintha. Choko ndi bolodi basi, kwaya yaphunzira.

Sikuti makolo athu adangolandira za eni ake. Ku Embangweni, mbusa Donald Fraser ankalimbikitsa Akhristu a Chingoni ndi Chitumbuka kupeka nyimbo m'mayimbidwe akwawo, ndipo anthu onga Mawelera Tembo adasiya nyimbo zimene zikuyimbidwabe. Kuno kwathu makwaya a achinyamata ndi a amayi a Chigwirizano amapeka nyimbo zatsopano chaka ndi chaka, ndipo zambiri zimafalikira popanda pepala.

Taganizani zimene wotsogolera kwaya amaphunzira m'zaka khumi. Amadziwa kugawa mawu anayi, kuyambira sopulano kufikira besi, ndi kumva munthu mmodzi wosokera pakati pa anthu makumi atatu. Amadziwa kubwereza mzere umodzi kakhumi osapsa mtima. Amadziwa kuyanjanitsa awiri olimbirana kutsogolera nyimbo, ndi kudzudzula wochedwa mosamuthamangitsa. Zonsezi ndi uphunzitsi weniweni, ngakhale mwini wake sadalandirepo chiphaso. Pamene amaperewera ndi pa zida ndi pa kalembedwe kena kaja ka mizere isanu, kamene oyimba a maiko onse amawerenga. Wodziwa solofa yekha ali ngati munthu wolankhula bwino chinenero chake koma wosatha kuwerenga kalata yochokera kutali.

Njira yachitatu: bandi

Mabandi a asilikali ndi a polisi ndiwo adasunga kalembedwe ka mizere isanu m'dziko muno kwa nthawi yaitali. Mwambo wawo udachokera kwa asilikali a King's African Rifles, ndipo perete wa asilikali omwewo ndiye adabala magule athu a mganda ndi malipenga. Woliza lipenga m'bandi yotere amaphunzira kuwerenga, kusunga nthawi, kusamala chida chake ndi kumvera wotsogolera. Padalinso bandi ya wailesi ya MBC, imene inkayimba pamodzi ndi a Chichiri Queens, ndiponso mabandi a m'mahotela, a pa maukwati ndi a nyimbo zauzimu amene adzaza m'mizinda yathu lero.

Apa ndi pamene mantha a makolo amagona, ndipo sitinganene kuti ndi mantha achabe. Moyo wa usiku wameza anyamata ambiri. Koma taonaninso mbali inayo. Munthu amene adayenda m'menemo natuluka wamoyo ndi wolongosoka amadziwa maenje onse a m'njiramo. Amadziwa kuti woyimba ayenera kupangana za malipiro asanakwere pa nsanja. Amadziwa kulumikiza zokuzira mawu, ndi chochita chingwe cha gitala chikaduka pakati pa nyimbo. Amadziwa kuti nyimbo ndi katundu wa woipeka, ndi kuti bungwe la COSOMA lidakhazikitsidwa mu 1992 kuti liteteze umwini umenewo. Amadziwanso anzake amene adawayika m'manda akali ang'ono, ndi chimene chidawapha. Akamachenjeza mwana wanu za mowa, chamba ndi chiwerewere, mwanayo amatchera khutu, pakuti akumva kwa munthu amene adaona ndi maso. Si mwangozi kuti misonkhano ya Music Crossroads inkaphatikiza nyimbo ndi zokambirana za matenda a Edzi ndi za kudzisunga.

Njira yachinayi: kalasi

Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, koleji ya Chancellor ku Zomba idatsegula gawo la maluso, momwe muli nyimbo, zisudzo ndi zojambula. Pambuyo pake yunivesite ya MUST ku Thyolo idayamba kupereka digiri ya maphunziro a nyimbo za mu Africa. Otuluka m'malo otere amadziwa mbiri ya nyimbo, malamulo a kagwirizanidwe ka mawu, kafufuzidwe, ndi kakonzedwe ka phunziro kuti liyambire pa chapafupi kunka pa chovuta. Vuto ndi lakuti ndi owerengeka, ndipo khomo la yunivesite ndi lopapatiza. Mnyamata wa ku Mgona amene manja ake ndi odala koma masamu adamukanika sangalowepo.

Nako kusukulu za pulayimale nyimbo zidachepa mphamvu. Pa kusintha kwa maphunziro kumene kudayamba mu 2007, nyimbo adaziphatikiza ndi zojambula, zisudzo ndi masewera olimbitsa thupi m'phunziro limodzi lotchedwa Expressive Arts. Mphunzitsi mmodzi, wa ana oposa mipando, wopanda chida ngakhale chimodzi, sangafike patali. Mpata umenewu ndiwo sukulu za nyimbo za m'makwalala mwathu zikuyesa kutseka.

Mlendo ndi kalumo kake

Pa njira zinayizi tiwonjezepo alendo. Kwa zaka zingapo padali dongosolo lotchedwa MOVE, losinthana achinyamata oyimba pakati pa Malawi, Norway, Brazil ndi Mozambique. Achinyamata a kunja ankabwera kudzakhala miyezi ingapo ku Lilongwe, kuthandiza kuphunzitsa ndi kuphunzira za kuno, pomwe athu ankapita kwawoko. Akulu adati mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa, ndipo n'zoona: alendowa adabwera ndi njira zina zophunzitsira ana ndi mayimbidwe amene sitidawazolowere. Koma mlendo amapita. Phindu lokhalitsa lili mwa ana athu amene adapita kunja nabwerako ataona mmene anzawo amayendetsera kalasi, ndiponso ataona kuti nyimbo za agogo awo, zimene kuno ankachita nazo manyazi, kunjako anthu amazimvetsera mwaulemu.

Kudziwa kuyimba ndi kudziwa kuphunzitsa

Tsopano tafika pa mtima wa nkhani. Palibe njira imodzi mwa izi imene ili yokwanira payokha. Wa pabwalo ali ndi khutu koma alibe cholembera. Wa kwaya ali ndi chipiriro koma zida n'zachilendo kwa iye. Wa bandi ali ndi manja koma mwina sadayimepo pamaso pa ophunzira. Wa yunivesite ali ndi mabuku koma mwina fumbi la pabwalo silidamukhudze. Mphunzitsi wabwino ndi amene wayenda njira ziwiri kapena zitatu, ndipo ali wodzichepetsa kuti aphunzire yotsalayo.

Oyambitsa sukulu zitatu zija adazindikira zimenezi. Iwo adagwirizana ndi a Global Music Academy a ku Berlin kuti akonze ndondomeko ya maphunziro ndi kusula oyimba a kuno komwe kuti akhale aphunzitsi. Ndiye kuti munthu amene adayimba gitala zaka zambiri adayenera kukhalanso pa benchi, kuphunzira kugawa luso lake m'magawo ang'onoang'ono amene wongoyamba angameze. Limodzi mwa maphunziro a m'ndondomekoyo ndi lakuti thupi lenilenilo likhale ng'oma. Ophunzira amayima, mapazi n'kumaponda, manja n'kumawomba, pakamwa n'kumawerenga. Mwachitsanzo, mapazi aponde kawiri pa nthawi yomweyo imene manja awomba katatu. Mwana wa kuno amachita zimenezi osaganiza n'komwe, chifukwa magule athu adazala nazo. Ntchito ya mphunzitsi ndiyo kumuonetsa kuti chimene thupi lake likudziwa kale chili ndi dzina ndipo chingalembedwe. Akatero mwanayo sawopanso pepala, ndipo pepalalo silimulanda za kwawo.

Aphunzitsi otere amabwereranso kumudzi ngati ophunzira. Mogwirizana ndi nthambi ya UNESCO ya m'Malawi ndi bungwe la Rei Foundation la ku New Zealand, a Music Crossroads adayenda m'maboma kujambula nyimbo zamakolo kwa agogo amene akuzikumbukirabe. Palinso msasa wa Ethno Malawi, wotengera mwambo umene udayamba ku Sweden mu 1990, kumene achinyamata amaphunzitsana nyimbo zakwawo pakamwa ndi pakhutu, ndipo zida monga kaligo, sansi ndi bangwe zimapatsidwa ulemu wake. Ntchito imeneyi ndi yofulumira. Nkhalamba yodziwa kumanga ndi kuyimba bangwe ikagona, ngati padalibe woikhalira pafupi, luso lonse limalowa nayo m'manda.

Za ana aakazi

Kwa nthawi yaitali tidazolowera kuti msungwana ayimbe ndi pakamwa ndi kuvina, zida zikhale za amuna. Ku Area 23 kudatuluka gulu la Daughters Band, momwe gitala, besi, kiyibodi ndi ng'oma zonse zili m'manja mwa asungwana. Kulinso gulu la ana lotchedwa Hear Us Children, loyimba ndi kuvina magule a makolo. Msungwana akaona mkazi mnzake atakhala pa ng'oma za bandi, mtima wake umavomera kuti n'zotheka. Asungwana amene akugwira zida lero ndiwo aphunzitsi a mawa, ndipo makolo ambiri adzamasuka kutumiza ana awo aakazi kumene kuli amayi ophunzitsa.

Zolemetsa zake

Tisaganize kuti ntchitoyi ndi yofewa. Zida zambiri zimachokera kunja ndipo mtengo wake umakwera kwacha ikagwa. Magetsi akazima, kiyibodi imasanduka thabwa. Ophunzira ambiri alibe chida kunyumba, kotero kuti zimene aphunzira Lolemba alibe poyeserera kufikira atabweranso. Wochokera ku Area 25 kapena ku Chinsapo ayenera kukwera minibasi ziwiri, ndipo tsiku limene ndalama yasowa, mpando wake umakhala wopanda munthu. Nawo aphunzitsi a nyimbo m'dziko muno kawirikawiri sadalira kalasi yokha: mkati mwa sabata aphunzitsa, Loweruka ali pa ukwati, Lamulungu ali pa kiyibodi ku tchalitchi. Munthu wopirira zotere chaka ndi chaka ayenera kuti ntchitoyo amaikonda.

Mawu kwa makolo ndi achinyamata

Inu makolo, mwana akapempha, musayankhe muli pakhonde. Nyamukani mukaone nokha, kaya ndi ku Area 23, kaya ndi kwa mphunzitsi wina aliyense wa m'dera lanu. Mulonjereni mphunzitsiyo, ndipo mumufunse mwaulemu: adayambira kuti, adaphunzira kwa yani, waphunzitsa zaka zingati, ndipo ophunzira ake akale ali kuti lero. Funsani nthawi yoyambira ndi yowerukira, ndiponso ngati ana amaphunzira poonekera. Pemphani kukhala nawo m'kalasi tsiku limodzi, muone mmene amachitira ndi mwana wolakwitsa. Mphunzitsi woona sakwiya ndi mafunso otere. Amakondwa kuti kholo lafika. Pambuyo pake panganani ndi mwana wanu kuti nyimbo zisadye nthawi ya sukulu ndi ntchito za pakhomo.

Inu achinyamata, musapeputse kumene mwayambira. Foni ingakuonetseni pogwira zala, koma singamve kuti mwasokera, ndipo singakudzudzuleni mukayamba kudzitama. Wotsogolera kwaya yanu, amene amafika pa tchalitchi madzulo atatopa ndi ntchito, napirira nanu popanda malipiro, ndi mphunzitsi wanu woyamba. Agogo anu amene amang'ung'udza nyimbo akusankha mtedza ndi mphunzitsi winanso. Akabwera kudzacheza mwezi uno, khalani nawo pamphasa, muwapemphe ayimbe, ndipo muigwire nyimboyo kufikira mutaitha. Tsiku lina mwana wa mnzanu adzaima pamaso panu ndi gitala, ndipo bambo wake adzakufunsani kumene mudachokera.